Madigiri aulemu pa tsiku la ana athu, nkhaniyi mukuiona bwanji?

Nachisale_wa_ku_Mayaka
Anzanga ndabwera ndi dandaulo, mundithandize maganizo. Sabata yathayi mng'ono wanga amalandira digiri yake pa yunivesite ina, dzina sinditchula. Makadi olowera anapatsidwa awiri okha ndiye analowa ndi mayi ndi amalume amene akhala akumulipirira fizi, enafe tinatsala panja kumamvera pa zimkuzamawu. Mayi anadzuka tambala woyamba kuti apeze minibasi, atavala chitenje chatsopano chimene anasungira tsikuli kuyambira nthawi yokolola. Mwambo unachedwa kuyamba podikira mlendo wolemekezeka, atafika anayamba kaye kupereka madigiri aulemu kwa akuluakulu atatu, aliyense kumuwerengera mbiri yake kuyambira kumudzi kumene anabadwira, kenako aliyense kupatsidwanso mpata woyankhula. Pofika nthawi ya ana athu dzuwa linali litapendeka, mayina amangowawerenga mothamanga ngati akuthawa mvula, ena kuwatchula molakwika. Mayi anazindikira kuti mwana wawo watchulidwa iye atatsika kale pa nsanja. Ndiye ndikufunsa, tsikuli ndi la ndani kwenikweni? Ndipo anthu olandira madigiri aulemuwa amasankhidwa bwanji?

Kabaza_Graduate
Asisi mwayankhulira ambiri. Ife zinali chimodzimodzi, gauni imatentha ija uli chikhalire kuyambira 7 koloko m'mawa osalawa kanthu.

Mphunzitsi_Wopuma
Mayi Nachisale pepani ndithu, makamaka chifukwa cha mayi anu. Koma ndikupempheni tisiyanitse zinthu ziwiri. Kusasunga nthawi ndi vuto, ndipo ndi vuto lalikulu. Digiri yaulemu payokha si vuto. Ndi njira imene sukulu imanenera pagulu kuti munthu uyu ngakhale sanakhale m'kalasi mwathu wachita zinthu zimene ife timaphunzitsa ana kuti adzachite. Mmene ziyenera kuyendera, anthu amapereka mayina, komiti imaunika, seneti, lomwe ndi gulu la akuluakulu a zamaphunziro pa yunivesite, imakambirana, kenako khonsolo imavomereza. Zikatsatidwa bwino palibe cholakwika. Chimene chimawononga ndi pamene dzina lachokera kumwamba, komiti nkungoitanidwa kudzasayina.

Kabaza_Graduate
Aphunzitsi ndiye ndi kangati pamene dzina silichokera kumwamba?

Mphunzitsi_Wopuma
Limenelo ndiye funso mwanawe, ndipo ndi chifukwa chake ndikuti tidzudzule kasankhidwe osati mwambo wonse.

Mlimi_wa_ku_Mponela
Ine kwanga nkufunsa chabe, munthu akalandira yaulemuyi ayenera kumatchedwa Dokotala? Chifukwa kuno kwathu masiku ano pa maliro pokha mumva madokotala anayi akutchulidwa pa malonje, wina wa bizinesi, wina wa mpingo, ndipo ukaiwala kumutchula choncho amakwiya zenizeni.

Anaphiri_PhD_ikubwera
Bambo a ku Mponela mwandikhudza pamtima. Ine ndili mkati molemba kafukufuku wanga, ana ndinawasiya kwa agogo awo, ndalama ya ku filudi ndinachita kukongola ku banki m'khonde, supavaiza amabweza chaputala chimodzi chomwechomwecho chitadzaza inki yofiira mpaka umalira wekha usiku. Ndiye wina angopita ku hotela Loweruka masana, alipire ndalama ku bungwe losadziwika kumene lili, avale gauni yofiira, Lolemba wasintha kale dzina pa Facebook ndi pa chikwangwani cha ofesi. Zimawawa. Mayunivesite ambiri okhazikika amanena momveka kuti wolandira digiri yaulemu asamaike Dr kutsogolo kwa dzina lake, alembe kumapeto kuti ndi yaulemu. Ku Ghana bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba la GTEC mu 2025 linaletsa poyera kugwiritsa ntchito maudindo amenewa ndipo linayamba kulembera makalata anthu otchuka kuti asiye. Kuno tili ndi bungwe lotere la NCHE, ndipo munthu asanapite kukalandira pepala kulikonse ayambe wafunsa kumeneko ngati sukuluyo ndi yovomerezeka.

Chimwemwe_Area25
Koma asisi mukupanga PhD kuti muzitchedwa Dokotala kapena kuti mudziwe zinthu? Dzina la munthu wina likukuchotserani chani?

Anaphiri_PhD_ikubwera
Likundichotsera chikhulupiriro cha anthu achimwene. Mawa ndikadzaima pa wailesi kufotokoza za mbewu kapena za matenda, womvera kumudzi adzasiyanitsa bwanji Dokotala amene anafufuza ndi amene anagula? Onse tikumveka chimodzimodzi. Akanamizidwa ndi mmodzi amasiya kukhulupirira tonse.

Chimwemwe_Area25
Apo ndamva. Koma ogulawo ndi ena, amene asankhidwa ndi yunivesite yeniyeni ndi enanso, musawaphatikize.

Wakale_wa_Chirunga
Nkhani ya maudindoyi inayambira kutali ndipo atsogoleri athu ali momwemo, tiyeni tiinene bwinobwino popanda ndale. A Kamuzu anali dokotala wa chipatala weniweni, anamaliza ku Meharry Medical College ku America mu 1937 kenako nkukawonjezera ku Edinburgh, anachiza anthu ku Britain ndi ku Ghana. Ndiye mtundu wonse unazolowera kuti mtsogoleri amakhala Dokotala. A Muluzi awo anali aulemu, ochokera ku Lincoln University ku America ndi ku Glasgow. Mayi Joyce Banda analandira yaulemu ku Jeonju University ku South Korea mu 2013. A Peter Mutharika anaphunzira zamalamulo mpaka ku Yale ndipo anaphunzitsa zaka zambiri ku Washington University ku St. Louis, upulofesa wawo ndi wa m'kalasi. A Chakwera anaichita kuwerengera ku Trinity International University. Ndiye mukuona kuti ena ndi a m'kalasi ena ndi aulemu koma pa wailesi onse timawatchula mofanana, ndipo wabizinesi wa pa tauni akaona choncho amati nanga ine ndilekerenji.

Mlimi_wa_ku_Mponela
Zikomo akulu, izi sindimazidziwa bwinobwino.

Mbumba_ya_ku_Bulawayo
Ndiloleni ndiponyepo za kuno ku Zimbabwe. Ife makolo athu anachokera ku Dedza kubwera kudzagwira ntchito, ine ndinabadwira konkuno. University of Edinburgh inapatsa a Mugabe digiri yaulemu mu 1984, nthawi imene asilikali a boma lawo a gulu la Fifth Brigade anali akupha anthu ku Matabeleland kuno. University of Massachusetts nayo inawapatsa mu 1986. Anthu a kuno amene anataya abale awo amamva pa wailesi kuti munthuyo akulemekezedwa kunja ngati ngwazi ya maphunziro. Edinburgh inadzalanda digiriyo mu 2007, Massachusetts mu 2008, patatha zaka zoposa 20. Kulandako kunali koyenera koma kunachedwa kwambiri, agogo ambiri amene analira nthawi imeneyo anali atamwalira kale. Ndiye ine maganizo anga ndi akuti munthu amene adakali pa mpando asapatsidwe ulemu umenewu, dikirani atsike muone ntchito yake yonse.

Wakale_wa_Chirunga
Mayi a ku Bulawayo mwanena zoona zokhazokha. Ku Nigeria akuluakulu a mayunivesite anagwirizana zomwezo mu 2012 pa msonkhano wa ku Keffi, kuti andale amene ali pa udindo asamapatsidwe. Kutsatira kwake ndi nkhani ina koma mfundoyo ndi yabwino.

Dalitso_Leeds
Kuno ku Britain nkhani imene amaikumbukirabe ndi ya Margaret Thatcher. Mu 1985 ali nduna yaikulu, aphunzitsi a ku Oxford anavota kukana kumupatsa digiri yaulemu, mavoti 738 kwa 319, chifukwa boma lake linadula ndalama za maphunziro ndi kafukufuku. Ndipo mayiyo anaphunzira pa Oxford pomwepo. Tangoganizani malekichala kukana mtsogoleri wa dziko amene ali pa mpando, mawa lake nkupita ku ntchito bwinobwino osaopa kanthu. Komanso dziwani kuti kuli mayunivesite akuluakulu monga MIT, Stanford ndi Cornell amene sapereka nkomwe madigiri aulemu, ndipo palibe amene amawaderera.

Kabaza_Graduate
Kwathu kuno ungakane bwanji pamene Chansala wa yunivesite ya boma ndi Pulezidenti yemweyo?

Wakale_wa_Chirunga
Pamenepo ndiye pagona nkhani. Chiyambire University of Malawi m'ma 1960 mpando wa Chansala unali wa a Kamuzu, ndipo mwambowo unapitirira ndi atsogoleri obwera pambuyo. Ife a kale timakumbuka mmene zinkakhalira ku Great Hall ku Zomba, mbumba kuvina panja, aliyense kuimirira mpaka mwini wake akhale pansi. Mu 1987 a Jack Mapanje, amene anali mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, anatengedwa nkukatsekeredwa ku Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu, ndipo amene anali ndi mphamvu yowatulutsa anali Chansala wa sukulu yawo yomweyo. Mu 2011 mukukumbuka nkhani ya ufulu wa aphunzitsi, a Blessings Chinsinga atafunsidwa mafunso ndi mkulu wa apolisi pa zimene anaphunzitsa m'kalasi, sukulu inatsekedwa miyezi yambiri. Ndiye tikamakamba za amene amayankhula pa mwambo wa omaliza maphunziro ndi amene amalandira ulemu, muzu wake ndi umenewu. Panopa mayunivesite a boma achuluka, UNIMA, MUBAS ndi KUHeS zinagawikana mu 2021, kuli Mzuni, LUANAR ndi MUST ku Thyolo. Munthu mmodzi amene akuyendetsanso dziko sangakwanitse kufika pa nthawi yake ku miyambo yonseyi, ndipo akabwera pamabweranso chitetezo, nduna, a chipani, mipando yakutsogolo yonse nkutha.

Chimwemwe_Area25
Ine pokhapo ndikutsutsani akulu. Bambo anga chithunzi chimene anachipachika pa balaza ndi cha ine ndikugwirana chanza ndi Pulezidenti. Kwa munthu wa kumudzi chimenecho ndi chinthu chachikulu, mwana wake wagwira dzanja la mtsogoleri wa dziko. Mukachotsa zimenezo mwachotsa china chake kwa makolo omwewo amene mukuti mukuwamvera chisoni.

Nachisale_wa_ku_Mayaka
Achimwene bambo anu anaona ndi maso awo mukugwirana chanzacho? Chifukwa mayi anga sanaone kanthu, kutsogolo kwawo kunali anthu a makamera ndi achitetezo.

Chimwemwe_Area25
Anaona pa TV imene anaika mu tenti panja. Koma anakhutira.

Ojambula_pa_Zomba
Poti mwatchula zithunzi, chonde makolo muzisamala ndi anyamata ojambula amene amakuthamangirani pa geti. Gwirizanani mtengo musanajambulidwe ndipo musapereke ndalama yonse chithunzi musanachione. Ena amatenga ndalama nkusowa m'chigulu. Ife a ntchitoyi timanyozeka chifukwa cha iwowa.

Kabaza_Graduate
Ndi gauni yomwe. Kubwereka kokha ndalama yake ukhoza kudya mwezi, uwonjezere suti, nsapato, thiransipoti ya makolo, malo ogona, kaphwando kunyumba. Ukamaliza zonsezo a Loans Board akudikira ngongole yawo pamene ntchito sunaipeze. Ine digiri ili mu sutikesi, ndikuyendetsa njinga yamoto ya achimwene anga, ndipo sindichita nazo manyazi chifukwa ndikudya thukuta langa, koma mlendo wolemekezeka akamati musadikire kulembedwa ntchito mudzilembe nokha mtima umandiwawa, chifukwa mpamba wake sanena kuti tiutenga kuti. Chiwongoladzanja cha ku banki mukuchidziwa, chikole tilibe.

Anaphiri_PhD_ikubwera
Mawu amenewo amanenedwa chaka chilichonse ndi anthu amene moyo wawo wonse akhala pa malipiro a boma.

Admin_Gulu
Abale za magauni ndi ngongole titsegulire ulusi wake, ndi nkhani yofunika payokha. Pano tibwerere ku funso la mayi Nachisale.

Dalitso_Leeds
Kubwerera ku woyankhula. Ku America amasiyanitsa, woyankhula pa mwambo amaitanidwa chifukwa ali ndi choti auze ana, sikuti nthawi zonse amapatsidwanso digiri. Mu 2009 Barack Obama ali Pulezidenti anakayankhula ku Arizona State University ndipo sukuluyo sinamupatse digiri yaulemu, inati ntchito yake inali isanathe kuoneka. Anthu anakangana kwambiri koma iye anapita nkukayankhula ndithu. Steve Jobs anayankhula ku Stanford mu 2005, munthu woti koleji sanamalize, anatenga mphindi pafupifupi 15 zokha ndipo mpaka lero anthu amaonerabe pa YouTube. Sindikunena kuti titengere zonse za kunja ayi, kumenekonso olemera amene apereka ndalama zomangira nyumba pa sukulu amapezeka alandira ulemu. Koma nkhani ya mphindi 15 yokha titatengera bwenzi mayi a asisiwa ataona mwana wawo dzuwa lisanapendeke.

Mphunzitsi_Wopuma
Ine ndifunse mosiyana. Tadzudzula mokwanira, nanga mutapatsidwa mpata mungasankhe ndani? Ine ndiyamba. Ndikanasankha malemu Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inamwalira mu 2025. Mayi ameneyu anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka zambiri asanaitanidwe kwawo kukalowa ufumu, ndipo atalowa anathetsa maukwati a ana mazanamazana nkubwezera atsikanawo ku sukulu, mafumu ang'onoang'ono amene amalolera zimenezi anawaimitsa pa udindo. Anthu anamuopseza koma sanabwerere m'mbuyo. Ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri ndipo ndikudziwa mmene zimawawira kuitana dzina la mtsikana wa Sitandade 7 pa rejisitala anzake nkuyankha kuti anakwatiwa. Munthu amene wabweza ana otere m'kalasi wagwirira ntchito maphunziro kuposa ambiri a ife amene tili ndi mapepala. Ulemu wa yunivesite unapangidwira anthu ngati amenewa.

Mlimi_wa_ku_Mponela
Ine ndikanasankha William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu kuti akhale woyankhula. Anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ya 2002, nkupanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola ndi njinga ya bambo ake, atangowerenga buku la mu laibulale. Ana athu angamve zimenezo.

Anaphiri_PhD_ikubwera
Ndipo iyeyo anabwerera ku sukulu nkukamaliza digiri ku Dartmouth mu 2014. Sanakhutire ndi kutchuka. Pa ine chimenecho ndiye chofunika kuti ana amve.

Gogo_wa_Nyimbo
Musaiwale oimba. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu aimba kuyambira tisanalandire ufulu, mu 2016 anakaimba mpaka ku Library of Congress ku America, zaka zawo zapitirira 90. A Michael Sauka amene anapeka nyimbo ya fuko lathu, imene timaimba poyamba pa mwambo uliwonse wa madigiriwo, ndi angati mwa omaliza maphunziro amene amadziwa dzina lawo? Vuto lathu timadikira munthu amwalire ndiye tiyambe kumutamanda pa manda.

Chimwemwe_Area25
Agogo ulemu ndi wabwino koma woimba wokalamba akufunika ndalama ya mankhwala ndi nyumba yosadontha, gauni sadya.

Gogo_wa_Nyimbo
Zonse ziwiri mwanangu. Yunivesite ikhoza kumupatsa ulemu, nkujambula nyimbo zake zonse kuzisunga bwino, nkumuitana kuti aziphunzitsa ana a dipatimenti ya zaluso kaimbidwe kake ndi kumulipira pa ntchitoyo. Pamenepo ulemu uli ndi phindu kwa iye ndi kwa sukulu yomwe. Osati kumuveka chipewa tsiku limodzi nkumubweza pa minibasi.

Wakale_wa_Chirunga
Agogo apa mwanena chinthu chimene sindinachiganizirepo. Wolandira digiri yaulemu azikhala ndi chochita pa sukulupo chaka chimenecho, kaya kuphunzitsa kangapo, kaya kutenga ana angapo kukaphunzira ntchito ku kampani yake. Amene akungofuna dzina adzathawa yekha.

Mbumba_ya_ku_Bulawayo
Ndiwonjezere mayi Vera Chirwa, loya woyamba wachizimayi m'Malawi, amene anakhala m'ndende ya Zomba zaka zoposa 10 ndipo amuna awo a Orton Chirwa anafera momwemo mu 1992. Atatuluka anapitiriza kumenyera ufulu wa akaidi. Ana a zamalamulo ayenera kumamva mbiri imeneyi pa tsiku lawo lomaliza.

Nachisale_wa_ku_Mayaka
Mayina onsewa ndikugwirizana nawo, ndipo akanakhala anthu otere mwina sindikanadandaula chonchi. Koma ngakhale atakhala iwowa, ine ndikuti ana ayambe. Ayambe kulandira ana dzuwa lisanatenthe, dzina lililonse litchulidwe bwino, wowerenga mayina ayambe wafunsa katchulidwe kake, kholo lipatsidwe mpata woimirira ndi kululutira. Aulemuwo abwere pambuyo kapena apangireni mwambo wawo madzulo. Amalume anga anagulitsa ng'ombe ziwiri pa zaka zinayi zimenezi, sanabwere kudzamva mbiri ya munthu wina.

Mphunzitsi_Wopuma
Pa kuyamba ndi ana ndagwirizana nanu kwathunthu. Pa kuwapangira mwambo wawo wapadera ndikukana. Cholinga chake nchoti ana aone munthuyo ndi maso, amve zimene anachita. Mukawapatula mwasandutsa phwando la akuluakulu okhaokha ku hotela, ndipo kumeneko ndi kumene zachinyengo zimayambira chifukwa palibe amene akuona. Ikhale pagulu, akhale mmodzi kapena awiri basi, mbiri yawo ilembedwe m'kabuku ka pulogalamu anthu akawerenge okha, pa nsanja mphindi zisanu.

Kabaza_Graduate
Nanga bwanji mmodzi mwa omaliza maphunzirowo aziyankhulanso, wosankhidwa ndi anzake osati ndi ofesi?

Dalitso_Leeds
Masukulu ambiri amatero ndipo nthawi zambiri ndi mawu amene makolo amawakumbuka.

Chimwemwe_Area25
Akasankhidwa ndi anzake adzanena za ngongole ndi za ma hostel pamaso pa Chansala, ofesi singalole.

Anaphiri_PhD_ikubwera
Ndiye anene kumene. Ngati yunivesite ikuopa mawu a mwana amene yamuphunzitsa yokha zaka zinayi ndiye yamuphunzitsa chani?

Mlimi_wa_ku_Mponela
Funso lomaliza kwa ine, kodi munthu wamba ngati ine ndingapereke dzina la munthu ku yunivesite kuti amuganizire? Kuno kuli mayi wina wakhala akusunga mbewu zamakolo, mapira, mawere, nzama, chimanga cha makolo, amagawira anzake ulere ndipo ana a sukulu ya ulimi amabwera kudzaphunzira kwa iye ndi makope m'manja.

Wakale_wa_Chirunga
Malamulo amasiyana sukulu ndi sukulu, kwina amalandira mayina kuchokera kwa aphunzitsi ndi mamembala a seneti okha. Njira yachidule ndi iyi bambo, ana amene amabwerawo ali ndi lekichala amene amawatuma. Pezani dzina lake, mulembereni kalata yofotokoza zimene mayiyo wachita, zaka zimene wakhala akuchita, mitundu ya mbewu, midzi imene yapindula, a mfumu ndi alangizi a zaulimi asayinire, kope ina mutumize ku ofesi ya Registrar. Lekichalayo ndi amene angakaikambe mkati. Kope ina musunge nokha.

Mlimi_wa_ku_Mponela
Alangizi ndikumana nawo Lachinayi pa tsiku la msika, ndiyamba ndi iwowo. Kalatayo ndilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi?

Anaphiri_PhD_ikubwera
Lembani m'Chichewa mmene mukudziwira nkhaniyo bambo, munditumizire ku inbox ndikuthandizani kuika m'Chingerezi, mutumize zonse ziwiri. Mujambulenso zithunzi za nkhokwe ndi mbewuzo.